Chikope chikamagwedera: malodza kodi, kapena kutopa?

Pafupifupi munthu aliyense anamvapo chikope chake chikugwedera chokha. Ena amati chikagwedera cha m'munsi ndiye kuti kukubwera misozi, pomwe cha m'mwamba chimalosera mlendo kapena mwayi. Koma achipatala amati nthawi zambiri limeneli limakhala chenjezo chabe loti thupi latopa, ndipo ndi mwa apo ndi apo pamene kugwederaku kumakhala chizindikiro cha matenda.

Diso lazunguliridwa ndi mnofu wopyapyala umene umalitseka tikamaphethira. Mnofuwu umagwira ntchito ukalandira uthenga kuchokera ku ubongo kudzera mu mtsempha wa kumaso. Mtsemphawu ukasokonezeka pang'ono umatumiza timauthenga tosafunika, ndipo kachigawo kochepa ka mnofuwo kamayamba kudumphadumpha. Madokotala amatcha zimenezi myokymia. Kawirikawiri zimachitika kuchikope cha m'munsi cha diso limodzi, kwa masekondi kapena mphindi zochepa, ngakhale zimatha kumabwerezabwereza kwa masiku angapo. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso m'katumba, pantchafu, pamkono kapena pachala chachikulu, makamaka munthu akagwira ntchito yolemetsa kapena akathamanga.

Zoyambitsa zodziwika bwino ndi kusagona mokwanira, nkhawa, mowa, fodya ndi caffeine, yemwe amapezeka mu khofi, tiyi, zakumwa zina zoziziritsa kukhosi ndi zija amati zopatsa mphamvu. Kuyang'anitsitsa foni kapena kompyuta nthawi yaitali kumawonjezera vutoli chifukwa munthu saphethira pafupipafupi, motero maso amauma. Fumbi, mphepo ndi kuwala kwambiri nazonso zimaputa chikope.

Minofu ya m'thupi imagwederanso pamene mchere wina wofunika m'magazi, monga magnesium, calcium ndi potassium, wachepa. Izi zimatha kuchitika munthu akatuluka thukuta kwambiri, akasanza kapena akatsekula m'mimba. Mankhwala ena, monga salbutamol wa mphumu ndi mapiritsi okodzetsa omwe amapatsidwa kwa odwala BP, amathanso kuyambitsa vutoli. Komabe si bwino kusiya mankhwala otere musanakambirane ndi dokotala.

Kwa anthu ambiri mankhwala ake ndi kupuma basi. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9 usiku uliwonse. Chepetsani khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu: malire amene akatswiri amalangiza munthu wamkulu wathanzi ndi mamiligalamu 400 a caffeine patsiku, omwe ndi pafupifupi makapu anayi a khofi. Ogwira ntchito pakompyuta azipumitsa maso mphindi 20 zilizonse poyang'ana chinthu chomwe chili pamtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20. Kuthowa chikope ndi kansalu kaukhondo koviika m'madzi ofunda kumathandizanso. Imwani madzi okwanira, ndipo mukatsekula m'mimba musaiwale Thanzi ORS. Zakudya monga nthochi, nyemba, mtedza, nkhwani, bonongwe ndi usipa wodyera kumodzi ndi minga yake zimabwezeretsa mchere uja.

Chofunika kupewa ndi kudonthezera m'maso zinthu zosachokera kuchipatala, kaya ndi madzi a zitsamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala otsala a munthu wina. Vuto lili mu mnofu ndi mtsempha, choncho zinthuzi sizingalithetse, koma zitha kuyambitsa zilonda padiso mpaka munthu kuchita khungu.

Pitani kuchipatala ngati kugwederako kwapitirira milungu iwiri kapena itatu, ngati diso lafiira, latupa kapena likutuluka mafinya, ngati chikope chagwa, kapena ngati diso likutsekeka lokha kotheratu. Pali matenda awiri amene amayamba mofanana ndi kugwedera wamba. Oyamba ndi blepharospasm, amene amachititsa kuti maso onse awiri azitsinzina mwamphamvu munthu asakufuna. Achiwiri ndi hemifacial spasm, pamene kugwederako kumafalikira kutsaya ndi kukamwa mbali imodzi ya nkhope, nthawi zambiri chifukwa mtsempha wa magazi ukupanikiza mtsempha wa kumaso uja. Onse awiri amathandizika ndi jakisoni wa botulinum toxin, yemwe amafewetsa mnofu kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo achiwiriwo nthawi zina amafuna opaleshoni. Madokotala a maso amapezeka ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komanso ku Nkhoma.

Ku minofu ya manja ndi miyendo, chodetsa nkhawa ndi pamene kugwedera kwabwera limodzi ndi kufooka kapena kuwonda kwa chiwalocho, mwachitsanzo kulephera kumanga mabatani kapena kukoka phazi poyenda. Izi zingasonyeze matenda a mitsempha ofunika kupimidwa msanga. Koma ngati mwadzidzidzi kamwa yapindika, mkono wafooka kapena lilime layamba kulemera, zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko. Musadikire kuti kuche, thamangirani naye wodwalayo kuchipatala nthawi yomweyo.