Nyambo itsate nsomba ya m'damu mwanu

Nyambo zapulasitiki zonyezimira, zoumbidwa ngati kansomba kapena kachule, zimene ena amabwera nazo kuchokera ku South Africa, anazipangira nsomba zolusa monga bass, yomwe kwawo ndi ku North America. Bass imabisala m'udzu kapena pansi pa chitsa n'kudumphira chilichonse choyenda. Imadalira maso komanso kamzere ka m'nthiti mwake kamene kamamva kugwedezeka kwa madzi, ndiye pulasitiki akamakokedwa mwaluso, iyo imapusitsika. Koma m'madamu a alimi a ku Mponela, Nambuma kapena Malomo mumakhala makumba, chilunguni ndi milamba, ndipo nsomba zimenezi zili ndi kadyedwe kawokawo. Wowedza wanzeru amayamba wadziwa kadyedweko asanaveke kanthu ku mbedza.

Makumba amadya ndere ndi tizakudya tating'onoting'ono ta m'madzi obiriwira, ndipo kukamwa kwawo n'kochepa. Amafuna mbedza yaing'ono, kanyongolotsi kapena kambamu ka nsima kokanyira gaga, makamaka pamalo pamene mlimi amawazapo gaga tsiku ndi tsiku. Chilunguni chimakonda masamba ndi udzu wanthete, choncho muchisake m'mphepete mwa damu. Mlamba ndiye wosiyana kwambiri: maso ake ndi aang'ono, umasaka chakudya pansi m'matope ndi ndevu zake zomwe zimamva fungo ndi kukoma, makamaka kukada. Uponyereni matumbo a nkhuku, chiwala kapena inswa, nyamboyo ikhale pansi osaigwedezagwedeza. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Thupi la nsomba limatentha kapena kuzizira potsata madzi, ndipo makumba ndi chilunguni amachepetsa kudya madzi akazizira kutsika pa madigiri 20. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mu June ndi July, kulawirira kudamu m'mamawa n'kudzivuta chabe. Dikirani dzuwa lifunditse madzi. Mu October ndi bwino kuwedza m'mawa kapena madzulo.

Ena anganene kuti nyambo yapulasitiki siwola ndipo imagwira ntchito zaka zambiri. N'zoona, koma kulimbako kuli ndi phindu lanji ngati nsomba ya m'damumo siiyang'ana n'komwe? Enanso amati bwanji osangobweretsa bass yomweyo, kuti izidya tiana ta makumba tikachulukitsa n'kupinimbira. Vuto lakupinimbira lilipodi, pakuti makumba amaswana msanga, koma mlamba wakwathu konkuno umagwira kale ntchito imeneyo. Bass siisankha, imameza mbewu yomwe imene mlimi anagula ndi ndalama zake. Choopsa koposa n'chakuti madamu a m'madambo amasefukira m'dzinja, ndipo madzi a m'maboma a Dowa ndi Ntchisi amatsikira m'mitsinje monga Bua ndi Lingadzi mpaka m'nyanja ya Malawi. Bua ndi mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana, ndipo nsomba yolusa yachilendo ikalowamo palibe angaichotsenso. Dziko lino lili ndi lamulo losamalira nsomba la 1997, ndipo kuika nsomba yachilendo m'madzi popanda chilolezo n'koletsedwa. Alimi, musanathire mbewu iliyonse yatsopano m'damu mwanu, yambani mwafunsa alangizi a zansomba a m'boma lanu.