Dambo lokumba ndi manja loyeretsa madzi a pakhomo

Abale otsogolera makalasi a akulu, tonse tinaonapo madzi akuda akulowa m'dambo ndi kutuluka kumunsi atayera. Kodi amawayeretsa ndani? Si bango lokha ai. Pa mizu ya bango ndi pa timiyala pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zonyansa za m'madzimo.

M'zaka za m'ma 1950 mai wina wa sayansi ku Germany, Käthe Seidel, anaonetsa kuti munthu angathe kupanga dambo lotere. Amakumba dzenje, nayala pulasitiki yolimba kuti madzi asalowe pansi, nathira miyala ing'onoing'ono, nabzala bango. Madzi a kubafa, a kukhicini ndi a kucimbudzi amayamba aima m'thanki kuti zolemera zikhale pansi, kenaka ndi kulowa m'dambomo.

Koma tizilomboti timafuna mpweya, monga moto wa pa mafuwa. Mpweya ukacepa, nchito imazilala ndipo fungo limabuka. Kukazizira timacitanso ulesi, ndipo inu mudziwa mmene Juni ndi Julayi amalumira kuno ku Lichinga, pamtunda wopitirira mamita 1,300. Ncifukwa cake akatswiri anaonjeza mapaipi a timabowo pansi pa miyala, ndi kamakina kopopa mpweya. Kuteroko kuli ngati kukupizira moto. Dambo wamba limafuna malo okwana masikweya mita 5 pa munthu mmodzi, koma lopopedwa mpweya limakwanira pa sikweya mita imodzi.

Nkhaniyi ikutikhudza. Kolera imene inayamba m'boma la Lago mu Sepitembala 2022 inafika ndi kuno komwe. M'mabairro mwathu zitsime zambiri zinayandikana ndi zimbudzi, ndipo mvula ikagwa zonyansa zimatsata madzi.

Tinene zoona: kamakinako kamafuna magetsi tsiku ndi tsiku, ndiponso munthu wokasamalira. Motero njirayi iyenera malo monga sukulu, cipatala kapena mabanja angapo ogwirizana. Ndiponso madzi otulukamo SI AKUMWA. Angothirira mitengo basi.

Funsani ophunzira anu kuti: madzi amene timasamba ndi kutsukira mbale amapita kuti? Nanga citsime cathu cili kumtunda kapena kumunsi kwa cimbudzi? Aliyense ajambule mudzi wake pa pepala, alembepo mau atatu awa: citsime, cimbudzi, dambo.