Mfundo za m'Thupi ndi Mliri wa ku Kanyama

Aliyense amene anali mu Lusaka mu Januwale 2018 akumbukira masiku aja pamene asilikali anali kusesa m'misika, boma nililetsa anthu a ku Kanyama kuyenda usiku chifukwa cha kolera. Akumbukiranso Januwale 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Za zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi tonse tidziwa, koma chimene chichitika m'matumbo a mwana amene wamwa madziwo achimva ndi owerengeka, ndipo mtima wanga sulola kuti chikhale chinsinsi cha madokotala okha.

M'kati mwa maselo athu muli chipinda chotchedwa endoplasmic reticulum, mmene mapuloteni, amene abadwa ngati ulusi wautali, amapindidwa namangidwa mfundo, sulufule ya apa kugwirana ndi sulufule ya apo, kufikira atalandira maonekedwe oyenera ntchito yawo. Insulini imene odwala shuga amadzibaya ili nazo mfundo zotere zitatu. Mmisiri wamkulu womanga mfundozi ndi PDI, amene Christian Anfinsen ndi anzake anamtulukira mu 1963. Komatu chala chimodzi sichiswa nsabwe, pakuti mmisiriyo amadalira mnzake Ero1, iyenso natsamira pa tinthu tating'ono koposa, ndito FAD, kochokera ku vitamini B2, ndi mpweya wa okosijeni. Pomwe glutathione, kamolekyulu ka zidutswa zitatu zokha, kamathandiza kumasula mfundo zomangidwa molakwa kuti zimangidwenso molongosoka.

Apa ndi pamene mdani aloŵerera. Ululu wa kolera uli ndi kachigawo kakupha kamene kagwiridwa ndi mfundo imodzi yotereyi, ndipo ukaloŵa m'selo ya m'matumbo umayenda mpaka m'chipinda chomwechi, mmene mfundo ija imamasulidwa, ndipo PDI, wantchito wokhulupirika uja, amathandiza kachigawoko kulekana ndi zigawo zinzake monga mlonda wotsegulira mbala chipata osadziwa. Kakatuluka m'chipindamo kamakakamiza selo kutaya mchere, madzi natsatira mcherewo, kotero kuti munthu wamkulu akhoza kutaya lita yathunthu pa ola limodzi.

Khomo limodzi lokha ululuwo sulikhudza, ndilo limene shuga ndi mchere zimaloŵera pamodzi, zikukoka madzi pambuyo pake. Ndi khomo limenelo limene mayi wa ku George kapena ku Chawama mu Lusaka atsegula akamamwetsa mwana wake madzi a shuga ndi mchere otchedwa ORS pang'onopang'ono, ali m'njira kuthamangira kuchipatala.