Kuphunzitsa Ana Kulosera Zimene Zichitike M'nthano

Mwana amafika mu Sitandade 1 atadziwa kale kumvera nthano. Madzulo pamoto, agogo akati "Padangokhala," iye ankayankha "Tilitonse," ndipo nthano ili mkati maganizo ake ankathamangira kutsogolo kwa mawu a agogowo. Luso limeneli ndilo timalitcha kulosera. Chomvetsa chisoni nchakuti ife aphunzitsi kawirikawiri timalipha m'kalasi, pakuti timawerenga nkhani yonse osapumira, kenaka nkufunsa mafunso ofuna kukumbukira chabe: Kalulu adapita kuti? Adakumana ndi yani? Mwana wozolowera mafunso otere amaleka kuganiza pamene nkhani ikunenedwa.

Titenge nthano ya chitsime. Kudagwa chilala, nyama zonse zidakumba chitsime koma Kalulu adakana kukumba nawo. Nyamazo zidapangana kuti asamweko, ndipo zidaika mlonda. Kalulu adadza ndi uchi, nauza mlondayo kuti alawa pokhapokha atamangidwa miyendo. Atammanga, adamwa madzi nasambamo. Mlonda wachiwiri adachitidwa chimodzimodzi. Apa ndiye poyenera kuima. Titseke buku, tiwayang'ane ana, tinene kuti, "Mawa mlonda ndi Kamba. Muganiza kuti kuchitika zotani?"

Ena adzati Kamba naye anyengedwa, popeza ngwochedwa kuyenda. Ena adzati amgwira. Mayankho onse awiriwa ngabwino, ndipo tisafulumire kuonetsa pankhope pathu lomwe tilikonda. Funso lofunika ndi lotsatira: "Waganiza choncho chifukwa chiyani?" Mwana woti, "Chifukwa alonda onse adanyengedwa," waona kuti zochitika zikubwerezabwereza. Woti, "Chifukwa m'nthano kanyama konyozeka ndiko kamapambana," watenga nzeru ya nthano zina naigwiritsa ntchito pano. Pamenepa ndipo pali kusiyana kwa kulosera ndi kuombeza: wolosera amatha kuloza pomwe wapeza ganizo lake. Wina akati Kalulu akwera basi kupita ku Lilongwe, tisamdzudzule. Timfunse mofatsa kuti wamva mawu ati m'nthanomo omuganizitsa za basi.

Maganizo atatu kapena anayi tiwalembe pabolodi popanda maina, tipitirize nthano, kenaka tibwerere kuona lomwe lakwaniritsidwa. Njira iyi ya kulosera, kuwerenga ndi kutsimikiza adaifotokoza Russell Stauffer wa ku America m'chaka cha 1969, ngakhale kuti anakubala athu ankaichita kale poima dala pakati pa nthano kuti ana agunde mtima. Kuima kawiri kapena katatu nkokwanira. Taonapo ophunzira uphunzitsi akuima pa chiganizo chilichonse mpaka nthano kusanduka mlandu, ana nkuyamba kuyasamula.

Chenjezo lalikulu lili pa kuyamika. Tikaombera m'manja okhawo amene alosera molondola, amanyazi adzatseka pakamwa poopa kulakwa, ndipo odziwa kale nthanoyo adzalanda phunziro lonse. Wodziwayo timpatse ntchito ina: asunge chinsinsi, ndipo pamapeto atiuze mawu amene akadathandiza anzake kuzindikira. M'makalasi odzaza, monga amene adabwera ndi maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, sitingamve aliyense. Tsono mwana aliyense anong'oneze mnzake wapafupi ganizo lake tisanatchule oyankha.

Pali chinthu china chimene sitiyenera kuchisokoneza. Kulosera zochitika m'nkhani si kulota mawu olembedwa. M'chaka cha 1967 Kenneth Goodman adafanizira kuwerenga ndi masewera ongoganizira mawu, ndipo ganizoli lidafalikira m'maiko ambiri. Koma kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti owerenga bwino amazindikira mawu poona malembo ake, ndipo amene amadalira kungoganizira ndi ofooka. M'Chichewa, momwe maphatikizo amamveka monga alembedwera, tilibe chifukwa chololera zimenezi. Mwana akaona "ka" nkufuula kuti "kalulu" pomwe palembedwa "kamba," timbweze pa liwulo, aloze ndi chala, aphatikize ka-mba. Akaliwerenga molondola, pamenepo timfunse chimene akuganiza kuti Kambayo achita Kalulu akafika pachitsime ndi uchi wake.