Ndere ya Matuza m'Thanki ya Zamoyo za m'Nyanja ya Mcere

Nonse amene munatungapo madzi pa dziwe m'mwezi wa Okutobala muidziwa ndere, zobiriwira zoterera zija zimene muyamba mwazikankha ndi cikho musanatunge. Koma ndere imene tidzakamba lero siipezeka mu Kafue kapena mu Luangwa ai. Kwao ndi ku nyanja zazikulu za mcere kumene madzi ali ofunda: ku Caribbean, ku gombe la Brazil, ku Pacific ndi ku Indian Ocean. Akatswiri a zomera aicha Valonia ventricosa. Ife tidzaicha ndere ya matuza, popeza ioneka ngati thuza lodzala madzi: kampira kobiriwira, kosalala, konyezimira ngati galasi.

M'nyanja momwemo ndere imeneyi siivuta munthu. Amene alira nayo ndi anthu oweta zamoyo za m'nyanja m'mathanki a magalasi, maka-maka ku Ulaya ndi ku America. Malonda otere si acilendo kwa ife, pakuti nsomba zokongola za m'nyanja ya Tanganyika, kufupi ndi Mpulungu, zitumizidwa kunja kukalowa m'mathanki. Koma izo ndi za madzi opanda mcere. Thanki ya madzi a mcere ifuna luso loposa: magalamu pafupi-fupi 35 a mcere pa lita imodzi ya madzi, kufunda kwa madigiri 25 kapena pamenepo, ndi nyali zowala kwambiri. Nyalizo ndi za makorali. Makorali ndi tinyama, cinkana aoneka ngati miyala kapena maluwa, ndipo m'mnofu mwao mukhala tizomera tating'ono-ting'ono timene tiwapangira cakudya ndi mphamvu ya kuwala. Korali akakhala pa mthunzi afa ndi njala.

Ndere ya matuza ilowa m'thanki mobisala, pa miyala yocokera m'nyanja kapena pa tsinde la korali wogulidwa kumene. Poyamba mwini aona kathuza kamodzi kapena tiwiri, ndipo angakondwe nato, cifukwa kunena zoona ndi tokongola. Popita miyezi matuza aunjikana m'ming'alu ya miyala ngati mphesa, azinga makorali ndi kuwachinga kuwala, ndipo ena athothoka ndi kutseka pakamwa pa mapampu oyendetsa madzi. Korali amene munthu wamlera zaka zisanu ayamba kufota.

Kuti mumvetse njira yoigonjetsera, yambani mwadziwa cimene ili. Inu ana a sukulu munaphunzira kuti zamoyo zonse zimangidwa ndi maselo, ndi kuti selo siioneka popanda maikulosikopu. Ndere iyi iphwanya lamulo limenelo. Thuza lililonse ndi selo imodzi yokha, ndipo lingakule kufika masentimita 4 kapena 5 m'mimba mwake, ndiko kuti ngati dzira la nkhuku. Cifukwa ca ukulu wotere, akatswiri anaikonda kwambiri. M'zaka za m'ma 1920, W. J. V. Osterhout wa ku America anali kukoka madzi a m'kati mwa Valonia ku cisumbu ca Bermuda, ndi kuwayerekeza ndi madzi a m'nyanja. Anapeza kuti muli potaziyamu woculuka kopambana wa kunja, umboni wakuti cikopa ca selo cisankha colowa ndi cotuluka.

Tsono cinsinsi cili apa. Selo wamba ili ndi phata limodzi lolamulira moyo wake, limene licedwa nyukiliyasi. Thuza la Valonia lili ndi maphata ambiri-mbiri, oyalidwa m'kamnofu kopyapyala kamene kali kunsi kwa cikopa. Pakati ponse ndi madzi okha-okha. Ikafika nthawi yobala, kamnofu kameneka kagawikana ndi kuumbika timipira, ndipo kampira kalikonse kamera cikopa cake-cake ndi kukhala thuza latsopano. Cimodzi-modzinso thuza likavulazidwa: mnofu wake uthothana m'timipira timene tingathe kukhalanso ndi moyo. Munthu wopsa mtima amene aphulitsa matuza ndi zala m'thanki, madzi ali kuyenda, afanana ndi mlimi wopalira kapinga momdula-dula ndi kusiya zidutswa m'munda. Oweta atsutsana za kukula kwa ngozi imeneyi, ena anena kuti zidutswa zambiri zifa; koma ine sindiona nzeru yoyesera mwai pamene njira yabwino ilipo.

Njirayo ndi iyi. Zimitsani mapampu kuti madzi akhale bata. Thuza ligwira mwala ndi timizu tating'ono, ndipo mukaligwira mofatsa ndi kulipotoza uku ndi uku, kapena kulitukula kunsi ndi kacitsulo kobuntha, lizuka lathunthu. M'dzanja linalo gwirani kapaipi kokoka madzi kutulutsa kunja, monga muja akokera mafuta mu dilamu, ndipo kamwa lake likhale pa thuza pomwepo, kuti likaphulika zonse za m'kati zipite mu ndowa. Ngati mwala uli wonyamulika, ndi bwino koposa kuutulutsa, kuupala ndi kuukweca mu ndowa ya madzi a mcere, ndi kuutsukuluza musanaubwezere. Nchito imeneyi siitha tsiku limodzi. Muibwereza mlungu ndi mlungu, cifukwa timatuza tobisala m'ming'alu tidzaonekera pambuyo.

Pali zamoyo zina zothandiza. Yochuka ndi nkhanu yaing'ono yobiriwira ya ku Caribbean, Mithraculus sculptus, imene nsonga za mapanga ake zili ngati timasipuni. Koma nkhanu siilembedwa nchito: ina idya matuza, ina siiwayang'ana konse, ndipo ikakula ndi kumva njala ingathe kutsina makorali amene inabwera kudzawapulumutsa. Nsomba za mtundu wa Siganus nazo zidya ndere iyi, ngakhale zifuna thanki yaikulu, ndipo minga ya pa msana pao ili ndi ululu.

Cotsala ndi cakudya ca ndereyo. Zomera zonse zifuna naitireti ndi fosifeti, zomwe zija alimi azigula m'feteleza. M'thanki zicokera ku cakudya cotsala ndi ku zitosi za nsomba, ndipo nthawi zina ku madzi a pa mpope. Akulu-akulu akumbuka umo zomera zoyandama za Salvinia zinaphimbira nyanja ya Kariba: mu 1962 zinatenga pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo, pamene madzi anali ndi conde cocokera ku nthaka ndi mitengo yomizidwa, ndipo condeco citacepa nazonso zinacepa. Comweco woweta apatse nsomba cakudya cokwanira cabe, asungunule mcere m'madzi osefedwa bwino, ndipo asinthe gawo la madzi kawiri-kawiri. Komabe musanyengedwe: Valonia ipirira m'madzi oyera amene ndere zina zilephera, ndiponso ikhala bwino pa mthunzi. Mukazimitsa nyali kuti ife, makorali ndiwo ayamba kuvutika. Kucepetsa conde kucedwetsa kukula kwake, koma amene aicotsa ndi manja anu.

Mwala kapena korali watsopano ayambe wakhala m'thanki ina payekha kwa milungu ingapo, ndipo mumuyang'anitsitse asanalowe kwa anzake. Matuza amene mwazula muwaumitse ndi kuwataya ku zinyalala. Kwa okhala m'mbali mwa nyanja ya mcere, madzi a mu ndowa asapite mu ngalande yolowa m'nyanja. Mu 1984 ndere ina yowetedwa m'mathanki, Caulerpa taxifolia, inaoneka m'nyanja ya Mediterranean ku Monaco pa malo osaposa mphasa imodzi. Pofika caka ca 2000 inali itafika ku magombe a maiko asanu ndi limodzi.