Mankhwala a Hepatitis C ndi Maso a Wodwala

Kwa zaka zoposa 20 kuchokera mu 1989, pamene kachirombo ka hepatitis C kanadziwika, madokotala ankadalira jakisoni wa interferon pochiza matenda a chiwindi amenewa, ndipo pambuyo pake anayamba kumuphatikiza ndi mapiritsi a ribavirin kwa masabata 24 kapena 48. Interferon ndi mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, koma mphamvu yake inkafikanso ku retina, kachikopa kopyapyala ka mkati mwa diso chakumbuyo komwe kamalandira kuwala.

Dokotala akadontheza mankhwala okulitsa mwanadiso n'kuunika mkati, ankapeza timadontho ta magazi komanso timawanga toyera tooneka ngati tizidutswa ta thonje, tomwe timabwera timitsempha ta magazi tikatsekeka n'kusiya mbali ina ya retina ilibe mpweya wokwanira. Zimenezi zinkaoneka kawirikawiri m'miyezi itatu yoyambirira, makamaka mwa odwala shuga ndi amene magazi awo amathamanga kwambiri, popeza mitsempha yawo imakhala yofooka kale. Chodabwitsa n'chakuti ambiri sankamva kalikonse, ndipo timawangato tinkazimiririka tokha. Ochepa okha ndi amene ankafika poona mwachimbuuzi kapena kuchita khungu, chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha waukulu wa magazi kapena kuwonongeka kwa mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo. Ena ankangodandaula za maso ouma, ofiira ndi oyabwa.

Zinthu zinasintha mu 2013 pamene dziko la America linavomereza sofosbuvir, mmodzi mwa mankhwala olimbana ndi kachiromboko mwachindunji, omwe akamwedwa mophatikiza kwa masabata 8 mpaka 12 amachiza odwala oposa 95 mwa 100 alionse ndipo savutitsa maso kawirikawiri. Choncho wokana mapiritsi atsopanowa poopa khungu akuopa vuto la mankhwala akale, ngakhale kuti interferon sanatheretu ntchito, chifukwa akuperekedwabe kwa ena odwala hepatitis B ndi D.

Si vuto lililonse la maso lomwe limachokera ku mankhwala, pakuti kachirombo ka hepatitis C pakokha kamatha kuchepetsa misozi. Wodwala shuga ayenera kupimitsa maso asanayambe kulandira interferon, ndipo aliyense amene diso lake lachita mdima mwadzidzidzi ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo.