Musanagule chonyamulira masikirini awiri, yang'anani kaye tebulo lanu

Achinyamata ambiri amene timagwira ntchito pa kompyuta, kaya yokonza mavidiyo, yowerengera ndalama kapena yolemba mapulogalamu, tazolowera masikirini awiri. Koma sikirini iliyonse ili ndi choimikira chake, ndipo zoimikira ziwirizo zimadya malo mpaka kapu ya tiyi kusowa poyika. N'chifukwa chake maso athu amathamangira chitsulo cha mikono iwiri chija chomwe chimagwira masikirini m'mwamba.

Anzanga akandifunsa kuti agule chiti, ndimawauza kuti asiye kaye zithunzi za pa intaneti, atenge tepi yoyezera.

Yambani ndi tebulo. Zonyamulira zambiri zimagwira m'mphepete mwa tebulo ndi chopanira, ndipo kulemera konse kwa masikirini awiri kumatsamira pa kadera kakang'ono kwambiri. Tebulo la thabwa lenileni, ngati lomwe akalipentala amakhoma ndi mlombwa kapena paini wokhuthala, limapirira. La chipboard lopyapyala limatha kuphwanyika pang'onopang'ono, pomwe la galasi musayese n'komwe. Suzumiraninso pansi: matebulo ena ali ndi thabwa lopingasa m'mphepete, moti chopanira sichilowa. Zikatero njira ndi kuboola tebulo n'kumanga chitsulocho ndi bauti.

Kenako tembenuzani sikirini. Kumbuyo kwake kuyenera kukhala mabowo anayi a masikuluwu. Muyezo wake umatchedwa VESA, ndipo masikirini ambiri a pa desiki amakhala a mamilimita 75 ndi 75 kapena 100 ndi 100. Ena otchipa alibe mabowo amenewa. Yanu ikakhala yotero, mufunika kachitsulo kena kolumikizira, ndiye ndalama ina imeneyo.

Chachitatu ndi kulemera. Pa bokosi amalemba makilogalamu omwe mkono umodzi ungathe kunyamula, ndipo inu muyerekeze ndi kulemera kwa sikirini yanu choimikira chitachotsedwa. Sikirini ikaposa malire, mkono umagwa pang'onopang'ono, pofika masana mukupezeka mwawerama ngati mukusankha mpunga. Ikapepuka kwambiri, mkono wa gasi umaikankhira m'mwamba. Mikono yotere ili ndi pomangitsira ndi Allen key, ndiye kachitsulo kameneka musataye.

Musaiwale m'lifupi. Sikirini ya mainchesi 24 imatenga masentimita pafupifupi 54, choncho ziwiri zimapitirira mita imodzi. Mikonoyo ikapindika imatulukiranso kumbuyo, moti tebulo logunda khoma limavuta.

Nanga mugule cha gasi kapena cha mtengo woongoka? Ine ndimati ngati desikiyo mumakhalapo nokha, cha mtengo woongoka n'chokwanira: mwakonza kamodzi, basi, ndipo mtengo wake nthawi zambiri ndi wotsika. Cha gasi chimathandiza pomwe mumasinthana desiki ndi m'bale wanu wamtali kapena mumakonda kutembenuza sikirini kuti kasitomala aone.

Mukamanga, m'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mukhale molingana ndi maso anu kapena m'munsi pang'ono, ndipo italikirane nanu ngati kutalika kwa mkono wanu mutautambasula. Ngati mumagwiritsa ntchito imodzi kwambiri, iyikeni patsogolo penipeni, inayo pambali. Mukaika malire a ziwirizo pakati pa nkhope yanu, khosi limakhalira kupotoka tsiku lonse, ndipo madzulo mumayamba kudandaula mapewa.